Malaya a Alamu Anatsogola Kumtunda

Pa Hotela, kunja kwa doko
9 Meyi

Amake Lekuan,

Landira moni kuchokera tsidya lino la Taiwan. Ndikhulupirira kuti iwe, ana ndi amayi mukudzuka bwino. Ine ndili bwino, kupatula zala zimene zayamba kale kung'ambika ndi mchere monga zichitira chaka ndi chaka.

Achimwene ako a Banlai ndafika nawo amoyo, ngakhale ulendo wonse anali atakumbatira ndowa ngati khanda. Pakati pa kusanza anadzutsa mutu n'kundifunsa kuti, "Tiamteng, mlamu wanga, munda wanuwu sukhazikika bwanji? Kwathu phiri ukalisiya madzulo, m'mawa umalipeza pomwepo." Boti lonse linafa ndi phwete.

Ataona Hotela anafunsa kuti zipinda zili mbali iti. Kodi sunawauze? Iwo ankayesa hotela yeniyeni ya makatani, osadziwa kuti ndi chiboti chakale chokhala pa nangula kunja kwa doko, mogona ife a kutsidya poti kumtunda satilola kuponda. Chaka changa chachinayi chino, tauniyi ndimaidziwa ndi maso okha. Denga la kachisi wa Amayi Mazu, mulungu wathu wa panyanja, ndimaliona tsiku lililonse, koma khomo lake sindidziwa kuti linaloza kuti.

Alamu tauniyo alibe nayo ntchito, maso awo ali pa phiri la kuseri kwake. Akuti dothi la pamenepo ndi lofiira, la tiyi, ngati la kwanu ku Anxi. Ine ndati ndi lakuda ngati mchenga wa pagombe. Tabetcherana paketi ya ndudu, koma wokatitengera dothilo sitikumudziwa.

A kaputeni Kang, amene ndimawagwirira ntchito, avomera kuwatenga m'boti mwathu. Ndakhala nawo pansi kuwaphunzitsa za pamadzi: likhweru osaimba, mbale isagone chafufumimba, ndipo mawu awiri aja osawatchula ngakhale kuwalemba. Liwu loyamba ndi la zimene mwala umachita ukauponya m'nyanja. Lachiwiri ndi la zimene iwe umachita ndi dzira pa chiwaya mbali imodzi ikapsa. Alamu anati, "Ndiye kuno dziralo mumangolisiya lipserere?" Inu a kumapiri mumaseka zimenezi, koma ife obadwira pagombe tinaziyamwira m'bere.

Mphepo za chilimwe zisanayambe, uitane mwana wa a So Kimhuat adzakwere padenga asanjike miyala ina pa matailosi a kummawa. Ana a nkhumba usagulitse tsopano, mtengo umakwera mwezi wa mizimu ukayandikira. Lekuan asamapite kukatola nkhono madzi akamabwerera.

Pakhomo paja unandigwira mkono n'kunena kuti achimwene ako sadziwa kusambira, ndidzakubwezere athunthu. Ndinamva, ndipo sindinaiwale.

Ndine mwamuna wako,
So Tiamteng


Pa Hotela
2 Juni

Amake Lekuan,

Moni kwa nonse. Kalata yako yafika kudzera kwa mayi Kang, akazi a kaputeni, ndipo ndakondwa kuti chifuwa cha amayi chatsika. Ine ndili bwino. Alamunso m'thupi ali bwino.

Wati makalata anga amayenda chammbali ngati nkhanu. Pirira, lero ayenda chammbali kuposa kale.

Tinapita kutali, ku Mtsinje Wakuda wa pakati pa nyanja, kumene madzi amathamanga okha popanda mphepo. M'mawa kumakhala bata ndi kutentha koopsa, masana mitambo imaunjikana kumwera, mabingu, kenako mvula yobaya kumaso. Nsomba zinalipo. Alamu anagwira ntchito ngati ng'ombe. Kukoloweka nyambo pa mbedza anaphunzira msanga, zala zothyola tiyi zija si zamasewera, mpaka a kaputeni anawapatsa ndudu ya m'thumba mwawo.

Tsiku lobwerera tinakhala pansi kudya. Panali nsomba yaikulu yowotcha pakati pathu, mbali ya pamwamba itatha. Ife timachotsa munga n'kupitiriza kudya ya pansi, nsomba ili chigonere. Alamu, pofuna kuchitira ulemu a kaputeni, anatenga timitengo tawo todyera n'kuichita nsomba ija zimene umachita ndi dzira lija. Anati, "Bwana, idyani kuno, konona ndi kuno."

Tonse tinasiya kudya. Alamu ataona nkhope zathu anazindikira kuti alakwa, ndiye anati, "Pepani bwana, ndiibwezere mmene inalili," n'kuichitanso kachiwiri tonse tikuona.

A kaputeni ananyamula mbale ndi nsomba yomwe n'kuponya m'nyanja, analavula katatu, n'kukayatsa lubani pa kachifanizo ka Amayi Mazu m'chipinda chowongolera. Atatuluka sanawayang'ane alamu, anayang'ana ine. "Tiamteng, ameneyu wamutola kuti? Bambo anga ndi mkulu wanga sanabwerere kuchokera m'madzi omwe ano. Ukufuna ndiwatsatire? Ndisadzamuonenso m'boti mwanga."

Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Ndinati ndi munthu wa kumapiri, liwulo ndinamuletsa koma za nsombazo sindinaganize. Iwo anati nyanja sifunsa kumene munthu anabadwira. Madzi akatayika saoleka. Titafika anawatsitsa pa Hotela ndi kachikwama kawo.

Usatekeseke, maboti ndi ambiri pano ndipo onse akufuna manja. Sabata ikamatha adzakhala atapeza wina. Kwa amake Asiong, akazi awo, usanene kanthu. Ukangoti mwamuna wawo akudya bwino ndipo wanenepa, sunaname.

Ndatumiza mayuwani mazana asanu kudzera kwa mnyamata wa ku Chongwu wobwerera kumudzi ndi dzanja lothyoka. Ulipire sukulu ya Lekuan, zotsala ugule mankhwala a amayi.

Tiamteng


Pa Hotela
24 Juni

Amake Lekuan,

Moni. Ndili moyo, kaya inu kumeneko. Tulo ndiye tikundivuta, mwina ndi kutenthaku.

Ndinanama kuti sabata. Nkhani pa doko imathamanga kuposa boti la injini ziwiri. Makaputeni akabwera mamawa kudzatenga anthu, amaloza ndi chala kuti uyu, uyu, uyo, ndipo akafika pa alamu chala chimadumpha. Wina anachita kufuula ali patali kuti, "Wa dzira uja ndi uti? Aime uko, mthunzi wake usagwere m'boti mwanga!" Pano dzina lawo ndi a Chiwaya. Ngakhale anzathu a ku Pingtan akuwaitana choncho, ndipo iwo amayankha mosangalala ngati dzina la ufumu.

Mwini Hotela wawapatsa ntchito yophika phala la mbatata, malipiro ake ndi chakudya ndi malo ogona basi. Nsomba sawalola kuigwira. Anthu amawakonda chifukwa pakamwa pawo sipatsekeka, koma ine ndinawapeza kumbuyo kwa boti ali okha, akuyang'ana phiri lija, chipande chili m'manja, phala likupserera.

Lachitatu kunali boti lobwerera kwathu. Ndinawapempha kuti akwere, ndalama ya ulendo ndilipira ine. Ukuwadziwa achimwene ako kuuma khosi.

"Ndikatsike pamudzi ndi chiyani, mlamu? Ndi chipande? Asiong akwatira mwezi wa khumi. Kuchikazi anati nyumba ikhale ndi denga, ine ndinadziguguda pachifuwa pamaso pa anthu kuti denga ndikalitenga kunyanja. Ndibwerere ndikati ndalephera chifukwa cha nsomba yowotcha?"

Ndinati manyazi anapha lambe. Iwo anati lambeyo analibe mwana wofuna kukwatira. Boti linapita.

Tsono tamvera, mwina iwe angakumvere. Uwalembere kakalata, uike mkati mwa yanga. Uwauze kuti tiyi wachiwiri wafika pothyola ndipo manja akusowa, kapena chilichonse chimene mlongo anganene. Boti lina lobwerera lidzakhalako kumapeto kwa Ogasiti.

Wandifunsa kuti Hotela ndi yolimba bwanji. Ili ndi zaka zambiri kuposa ine. Injini yake imatsokomola nthawi yaitali isanalire, ndipo pampu yochotsa madzi sipuma usana ndi usiku. Mwini wake akuti akonza nyengo ikatha. Timagonamo anthu oposa zana, mutu kumapazi a mnzako. Zina ndisalembe.

Komabe pali ubwino wake, ndipo ndi umene ndimadzitonthoza nawo ndikakhala kutali. Ife tikamalimbana ndi mafunde ku Mtsinje Wakuda, alamu ali pafupi ndi gombe, pamene galu akauwa kumtunda amamumva. Munthu wosadziwa kusambira malo ake ndi amenewo.

Miyala ija padenga anasanjika? Sunandiyankhe.

Tiamteng


Pa Hotela
16 Julayi

Amake Lekuan,

Moni kwa iwe ndi ana. Ngati wailesi yakuopsani ndi namondwe wa sabata yatha, mtima pansi, anangotipitira m'mbali. Tonse awiri tili bwino.

Tinamudziwa akadali kutali. Mafunde aataliatali, oyenda mwaulesi popanda mphepo, anayamba kubwera kuchokera kummawa, ndipo kumwamba madzulo kunafiira ngati nyama. Nsomba zinkadya mbedza ngati zamisala, monga zichitira namondwe akamadza. A kaputeni anakoka chingwe mpaka mphindi yomaliza, akutukwana wailesi, kenako tinathawa.

Lamulo ukulidziwa. Boti lisanalowe m'doko limayamba latitula ife pa Hotela, eni dziko okha n'kulowa. Choncho tinaima pamwamba pa Hotela kuonerera maboti akulowa m'modzim'modzi ngati nkhuku m'khola, ife tili kunja. Mwini Hotela anapempha pa wailesi kuti nafenso tilowe. Anati dikirani, tikufunsa akuluakulu. Akuluakuluwo nawo ankafunsa akuluakulu awo. Tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chingwe cha nangula chikulira ngati chitseko chakale. Alamu anakhala pansi atakumbatira mphika wa phala, osalankhula, ndipo aka kanali koyamba kuwaona ali chete.

Potsiriza anatilola. Anatiwerenga ngati abakha, natimangirira pakona ya doko, apolisi ataima pamtunda kuti wina asatsike. Mantha atatha alamu anayambanso. Anamangirira chitini ku chingwe n'kuchiponya kumtunda kuti akokere dothi la kubetcha kuja. Wapolisi wina anati, "Iwe mdala, ukuwedza chiyani pouma?" Iwo anati, "Ndikuwedza dziko lanu, bwana, pang'ono pokha, la m'chitini." Wapolisiyo anaseka mpaka chipewa kugwa. Koma pa doko ndi simenti yokhayokha, chitini chinabwera chopanda kanthu.

Mphepo itangotsika anatitulutsanso. Tsopano madzi a kufupi ndi gombe ndi matope okhaokha, mitsinje yatsitsa zigodo za mitengo kuchokera kumapiri, zoyandama mobisala, zoti zikagunda boti la matabwa zimaboola. Usiku zimagogoda m'nthiti mwa Hotela ngati munthu wofuna kulowa. Mawu anga aja oti pafupi ndi gombe ndi pabwino, sindikuwakondanso.

Kalata yako alamu anawerenga kawiri, anaipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Mlongo wanga kunama sadziwa. Tiyi wachiwiri anathyola kale." Kumudzi akana.

Ndiye ndabwereranso kwa a kaputeni. Ndinasankha tsiku limene nsomba zinagulidwa bwino. Anatafuna nkhaniyo nthawi yaitali, kenako anati, "Ine ndilibe naye mlandu, mlandu ali nawo ndi Amayi Mazu. Apite ku kachisi, akagwade, akaponye timatabwa ta maula. Amayi akati inde, abwere."

Ndinati, "Bwana, kachisiyo ali kumtunda."

Anati, "Ndikudziwa kumene kuli kachisi."

Ndiye ndi pamenepo. Chikhululuko chili apo, denga lake tikuliona, koma pakati pali madzi ndi wapolisi.

Tiamteng


M'boti, pobwerera ku Mtsinje Wakuda
4 Ogasiti

Amake Lekuan,

Moni. Zilembo zikakhala zokhotakhota usadabwe, nyanja sinakhazikike chiyambire mwezi watha. Ndili bwino, msana wokha. Ndamva kuti nkhumba yaikazi yadwala, uipatse makala osinja m'madzi, ikapanda kudya masiku awiri uigulitse isanaonde.

Pali kachiyembekezo. Mayi Kang, amene amatitumizira makalatawa, ndi munthu wa pakamwa polusa koma mtima wa mpunga wofewa. Anabwera pa kaboti kudzapereka ayezi ndi ndiwo, ndipo ndinawafotokozera. Anatembenukira... ayi, liwu limenelo likufanana ndi lija, ndalifufuta. Anayang'ana amuna awo n'kunena kuti, "Nkhalamba iwe, mutu wako wadzaza mamba. Mwana akadwala osatha kuyenda, sitipita ndi malaya ake ku kachisi? Munthuyu avule malaya, ndipita nawo ine."

Alamu anasankha malaya abuluu aja unawasokera iwe, amene ankasungira ukwati wa Asiong. Anawavala kaye tsiku lonse kuti amve thukuta, Amayi asasokoneze ndi munthu wina. Powapereka anawasisita n'kuwalangiza ngati mwana wopita kutauni: "Ukafika ukagwade bwino, usakayankhe zamwano. Ndipo ukayang'ane dothi." Kenako anandiuza kuti, "Waona mlamu, malaya anga aponda Taiwan iwe usanaponde, ndi zaka zako zinayizo."

Yankho linabwera Lachisanu. Timatabwa tikanagwa kena chagada kena chafufumimba, bwenzi ili inde. Tonse tiwiri tinagwa chagada, katatu konse. Amayi Mazu akuseka.

A kaputeni anati kuseka si kuvomera. Mayi Kang anati kuseka si kukana, adzapitanso pa tsiku la mwezi wathunthu, malaya akhale konko. Alamu anati, "Nanga akanapanda kuseka? Nkhani yanga aliyense amaseka, ndiye Amayi alekerenji?" Anthu anaseka nawo, koma ine ndinawayang'anitsitsa alamuwo. Aonda, amake Lekuan. Lamba aboola kachiwiri.

Mwezi wa mizimu walowa. Pa Hotela anthu akuwotcha mapepala a ndalama n'kumwaza mpunga m'madzi kuti a pansi pa nyanja akhute, asafune mnzawo. Iwenso ukayatse lubani kwathuko, utchule dzina la achimwene ako lonse, Pek Banlai, kuti Amayi amve mbali zonse ziwiri za nyanja. Ine sindidziwanso khomo lina logogoda.

Wailesi ikuti kutali kummawa kwabadwa namondwe wina. Akadali mwana, sakudziwika njira yake.

Tiamteng


Pa Hotela
12 Ogasiti

Amake Lekuan,

Moni mwachangu, boti likundidikira. Tili bwino.

Amayi avomera! Mayi Kang aponya dzulo, katatu konse inde, ndipo a ku kachisi adinda chidindo chofiira pakhosi pa malaya. Alamu avina pamwamba pa Hotela ndi chipande, amuna zana akuwomba m'manja n'kumaimba kuti Chiwaya wayera.

Koma lero sakwera. Namondwe uja wakula ndipo walunjika kuno, mafunde aulesi aja ayamba. A kaputeni akufuna ulendo umodzi wamsanga nsomba zikadali zamisala, poti namondweyo akadutsa mtengo udzakwera kawiri koma nyanja idzakhala matope sabata yathunthu. Ati ulendo wothamangitsana ndi mphepo si wotengera munthu wosazolowera, ndiponso malaya akadali kumtunda, ayambe awavala. Namondwe akangodutsa, alamu akwera. Ndinakakamira, anandikalipira, ndinasiya.

Alamu ati ndikuuze kuti uuze amake Asiong ayambe kufunsa mitengo ya matailosi. Atinso, "Pita mlamu, ukagwire zazikulu. Ine ndili pakhomo penipeni pa doko, chingandipeze n'chiyani?"

Tibwerera mawa madzulo kapena mkuja m'mawa. Ana asatuluke mphepo ikafika kumeneko.

Tiamteng


M'boti, mkati mwa doko
17 Ogasiti

Amake Lekuan,

Ndili moyo, sindinavulale. Ndayamba ndi zimenezo chifukwa mwina wailesi yanena kale zina.

Hotela kulibe.

Anthu ambiri ali m'nyumba yosungira nsomba kumtunda, apolisi akuwalondera. Ena ali kuchipatala. Mayi Kang apita konseko kawiri ndi dzina lolemba papepala. Apitanso mawa kugombe la kumwera, kumene madzi akutula zinthu.

Ndikulemba ndili pamadzi, ndiye usandifunse zambiri. Kwa amake Asiong usapite kaye. Ukayatse lubani.

Tiamteng


Kumtunda, kuseri kwa kachisi
25 Ogasiti

Siokim, mkazi wanga,

Moni sindikudziwa kuti ndimupereke bwanji. Khala pansi, ana uwatume kwa amayi, ndipo uwerenge wekha.

Ndakhala pa nthaka. Pansi panga pali dothi ndi udzu, ngakhale miyendo ikundinamiza kuti phirili likuyenda. Pano palibe liwu loletsedwa, ndiye ndilemba mowongoka monga unkafunira. Hotela inatembenuzika. Achimwene ako a Banlai anamira. Thupi lawo silinapezeke, ndipo osaka asiya kusaka.

Namondwe anafulumira kuposa mmene wailesi inanenera. Tinadula chingwe cha mbedza n'kuthawa, ndipo tinafika pakhomo pa doko m'mawa, mafunde atatalika kuposa nyumba. A kaputeni anayesa kawiri kuyandikira Hotela kuti anditule monga mwa lamulo, koma maboti akanaswana. Ndinawaona alamu pamwamba, atagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo akundibayibitsa ndi chipande. Ankafuula zinazake, mphepo inatenga. A kaputeni anatukwana, anandikankhira m'chipinda cha ayezi pamodzi ndi nsomba, anatseka, n'kulowa nane m'doko mobisa. Ndapulumuka chifukwa mafunde anakana kuti anditule. Alamu akanakhala m'boti mwathu, bwenzi tili awiri m'ayezimo.

Zotsalazo ndamva kwa a Ui, nkhalamba ya ku Pingtan imene inali nawo. Mwini Hotela anapempha kulowa kuyambira mbandakucha, yankho linali lomwe lija lakuti dikirani. Chilolezo chinabwera masana. Injini inatsokomola, inatsokomola, osalira. Kenako chingwe cha nangula chinaduka, ndipo mafunde anainyamula Hotela kupita nayo pa khoma la miyala lotchinga doko. Zonsezi masanasana, anthu a m'tauni akuona. Anathamangira pakhomapo ndi zingwe, amuna ndi akazi, apolisi omwe, ndipo anakoka anthu ambiri. Wapolisi wa chipewa uja anathyoka nthiti pokoka anthu amene m'mawa mwake ankawaletsa kulowa. Ndikufuna udziwenso zimenezo.

A Ui akuti boti litayamba kupendekeka, aliyense akulira dzina la mayi wake, alamu anawagwira paphewa n'kufunsa kuti, "Akulu, tsopano liwu lija ndingalitchule?" A Ui akuti anaseka, pakati pa zonsezo anaseka, ndipo funde litadutsa anapezeka agwira chingwe, alamu palibe. Kuchokera pamenepo kufika pa miyala, Lekuan akanaponya mwala n'kufika.

Lero andilola kutsika tsiku limodzi, a kaputeni atasaina kuti sindithawa, chifukwa woitana mzimu ayenera kukhala wachibale. Tinapita pakhoma lija ndi wansembe wa ku kachisi. Malaya abuluu anawapachika pa nsungwi yaitali, tambala woyera atamumangirira pamwamba. Nsungwiyo a kaputeni anakana kuti wina anyamule, anaigwira okha. Ine ndinaitana. Ndinati, "Alamu, a Banlai, tulukani m'madzimo, kukuzizira. Malaya anu awa, Amayi anavomera kale. Bwerani tizipita kwathu." Ndinaitana mpaka mawu anatha. Wansembe anaponya timatabwa kufunsa ngati alowa m'malayamo, ndipo tinagwa inde ulendo woyamba womwe. Mayi Kang analira mokweza ngati mlongo wawo.

Pobwerera a kaputeni anandiyandikira n'kunena kuti, "Ndikanamutenga tsiku lija." Ndikawakwiyira ndimakumbukira kuti ndi iwo ananditsekera m'ayezi, ndikafuna kuwathokoza ndimaona chipande chija. Apereka envelopu ya amake Asiong, ndi yolemera, denga likwanira. Ukawauze kuti lachokera kunyanja monga mwini wake analonjezera.

Unandiuza kuti ndidzakubwezere achimwene ako athunthu. Ndikukubwezera malaya. Mtima wanga wasweka, Siokim, ndipo sindikupempha kuti undipepese kapena undikhululukire lero. A Ui akubwera nawo malayawo pa boti la mawa, limene ndinkafuna kuti alamu akwere. Powoloka aziwauza alamu m'malayamo kuti tsopano tikukwera, tsopano tikutsika, kuti asasochere. Iwe ukawalandire padoko ndi ambulera yakuda, upite nawo ku Anxi wekha, ndipo amake Asiong amve kuchokera pakamwa pako, osati kwa anthu a pamsika. Akawaike pamwamba pa munda wa tiyi, pamene phiri ukalisiya madzulo umalipeza pomwepo.

Malayawo musawachape. Chidindo chofiira chili pakhosi, ndipo m'thumba la pachifuwa muli kanthu, musakutumule. Nditachoka ku khoma ndinapempha wapolisi kuti andiperekeze kuseri kwa kachisi, pamene phiri layambira, ndipo ndinakumba ndi zala. Pa maliro ukawauze achimwene ako kuti apambana. Dothi lija ndi lofiira. Ndudu zawo ndidzabwera nazo ndekha.

Mwamuna wako,
So Tiamteng